Nkhani Zomwe a Mkwate Sanamalize Kuwerenga

Zimene ndalemba muno zinachitika kwathu ku Namadzi m'nyengo ya chiperoni, chaka chomwe anamwalira a Fanuel Mkwate. Zina ndinazimva kwa mayi anga tikuotha mbaula, zina anafotokoza yekha Ndaziona, mwana wa malemuwo. Pamene awiriwa anasiyana kafotokozedwe ndatsata Ndaziona, chifukwa ndiye ankagona m'nyumbamo.

A Mkwate anali wowerenga nkhani pa wailesi ya kanema. Ntchitoyo anaigwira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ikakwana 8 koloko madzulo nkhope yawo inkaoneka m'nyumba za anthu, m'magolosale ndi m'zipinda zodikirira za m'zipatala, atavala jekete ndi tayi, mapepala ali patsogolo. Mawu awo anali okuya ndi odekha. Nkhani ya madzi osefukira ndi nkhani ya mpira ankaziwerenga ndi liwu limodzimodzi, ndipo anthu ankati chinthu choopsa chikatuluka pakamwa pa a Mkwate chinkafika m'khutu chitazizirako.

Atapuma pantchito anabwera kudzakhala kwawo kwa akazi awo, a Nachisale, m'nyumba ya malata ofiira yoyang'anizana ndi yathu. Anthu anadabwa kuona kuti anali munthu wamfupi. Tonse tinkawadziwa kuyambira pachifuwa kupita kumutu basi. Tsiku lawo loyamba kulowa mumsika, wogulitsa usipa wina anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako anati, "Kani miyendo muli nayo, bwana?"

"Ndangobwereka," anayankha a Mkwate. "Madzulo ndikabweza."

Anakhala nafe zaka zinayi. Ankalima tomato ndi mpiru kuseri kwa nyumba, ankapereka moni kwa aliyense, koma nkhani za pa kanema sankaonera. Nthawi yake ikayandikira ankatuluka kukakhala pakhonde, n'kumayang'ana kumsewu mpaka theka la ola lithe. Palibe anawafunsa chifukwa chake.

Anamwalira m'mwezi wa Juni atadwala milungu itatu. Pa maliro panabwera magalimoto ambiri ochokera ku Blantyre, ndipo anyamata ndi atsikana omwe amawerenga nkhani masiku ano analankhula mawu abwino, ena akulira. Kwa masiku angapo mawailesi anakumbutsa anthu za moyo wawo. Kenako magalimoto anatha, achibale anabalalika, ndipo mipando yomwe inatulutsidwa panja nthawi ya maliro inabwezedwa pabalaza. M'nyumba munatsala anthu awiri: a Nachisale, ndi Ndaziona, yemwe ndi namwino ku Balaka ndipo anali atapempha tchuthi cha mwezi umodzi kuti akhale ndi mayi ake.

Choyamba kusowa chinali tayi. Achibale pogawana zovala za malemu anapeza matayi onse kupatula imodzi yobiriwira yomwe malemuwo ankaikonda. Ndaziona anaganiza kuti wina waitenga mobisa kuti azikumbukirapo, ndipo sanafune kuyambitsa mkangano chifukwa cha kansalu. Patapita masiku awiri, magalasi owerengera anachoka pawindo pomwe iye anawaika ndi manja ake. Kenako panayamba za tambula. M'mawa uliwonse ankapeza tambula ya madzi pa tebulo lodyera, kudzanja lamanja la mpando wa bambo ake, madzi atamwedwa theka. Ankaitsuka n'kuibweza m'kabati, mawa lake n'kuipezanso pomwepo. Atafunsa, mayi ake anangoti munthu akalankhula nthawi yaitali kukhosi kumauma. Ndaziona anaganiza kuti akunena za iwo eni, poti anthu opepesa maliro anali akubwerabe.

Sabata yomweyo chiperoni chinatsika kuchokera kuphiri la Chiradzulu n'kukhazikika. Dzuwa silinaoneke masiku ambiri. Kamvula kake sikankagwa kwenikweni, kankangoyandama, ndipo nyumba za tsidya la msewu zinkaoneka ngati zajambulidwa papepala lonyowa. Zovala sizinkauma. Nkhuku zinkalowa m'khola masana.

M'nkhungu imeneyo ndi momwe Lufeyo wa kabaza anakumana ndi mlendo. Ananena kuti ankachokera kusiteji kutangoda, ndipo pafupi ndi kamlatho anaona munthu ataimirira m'tsekera m'mbali mwa msewu. Udzu unamubisa mpaka m'chiuno. Anali atavala jekete, mapepala atawapana m'khwapa. Munthuyo anafunsa mwaulemu kuti kwatsala mphindi zingati kuti ikwane 8 koloko. Lufeyo anayang'ana pafoni n'kuyankha kuti khumi ndi zisanu. Munthuyo anati ndiye tifulumire, ndipo anakwera. Lufeyo anamva kampando kakumbuyo kakulira monga kamalirira munthu akakhalapo, koma njinga sinalemere. Chitunda chomwe masiku onse amatsika n'kumakankha anachikwera osatuluka thukuta. Kumbuyo kwake kunkangochokera fungo la paudala, ngati wodzola akwati. Atafika pa nyumba ya malata ofiira kampando kanaliranso, ndipo iye sanatembenuke. Anthu kumsika anamuseka kuti kachasu wa Loweruka anali asanamuchoke m'mutu. Iye sanakangane nawo. Anangoyamba kuweruka kusanade.

Nyumba za mzere wathu zomwe zili ndi kanema ndi zinayi, ndipo zonse zinayamba vuto limodzi. Ikakwana 8 koloko chithunzi chinkaoneka bwinobwino, mtsikana wowerenga nkhani ankatsegula pakamwa, koma mawu osamveka. Bambo anga ankamenya kanema m'mbali, kukwera padenga kukatembenuza eriyo, osathandiza. Mumsewu monse munkagwa bata. Agalu ankabwera kudzakhala pansi pamsewu, mitu italoza ku nyumba ya a Nachisale, osauwa, ngati ana omvera ali m'kalasi.

Mayi anga, amene amapemphera mpingo umodzi ndi a Nachisale, anapita madzulo ena kukawachezera. Anawapeza pa sofa atasamba, atadzola mafuta, atamanga bwino duku lawo lakuda. Kanema wa m'nyumbamo anali wophimbidwa ndi nsalu monga kale. Iwo sankayang'ana kanemayo, ankayang'ana tebulo lodyera. Pa kabati panali chakudya chovundikira, cha anthu awiri. Anacheza pang'ono za chimfine chomwe chinavuta ana m'dera lathu. Kenako a Nachisale anakweza chala n'kunena kuti, "Pepani a Nagama, tikhale chete pang'ono. Akuyamba."

Mayi anga amati choyamba anamva mapepala akugundidwa patebulo kawiri, monga amachitira munthu powalinganiza. Kenako wina anakonza kukhosi. Zitatero panayamba mawu. Sanali okwera. Anali ngati a munthu amene akulankhula m'chipinda chachitatu, kapena monga umamvera anzako akucheza pamtunda iwe utamira m'madzi. Kakwezedwe ndi katsitsidwe kake kanali ka a Mkwate, koma mawu enieniwo sankagwirika. Pampando wa patebulo panalibe munthu. Mayi anga amati sanachite mantha nthawi yomweyo. Anangomva thupi likulemera ndi tulo tokoma, ndipo anakumbukira zinthu zakale zomwe anali ataziiwala, monga fungo la diresi lawo loyamba la sukulu. Mantha anawagwira atafika kunyumba, pofuna kumasula duku n'kuona kuti zala zikukanika.

Ndaziona nayenso ankangomva kung'ung'udza. Amene ankamva mawu onse anali a Nachisale okha, ndipo m'mawa ankafotokoza mosangalala ngati munthu wochokera ku ukwati. Nkhanizo sizinali za boma kapena za mpira. Tsiku loyamba, anati, bambo anawerenga kuti pa siteji ya Thondwe mtsikana wina wagwetsa dengu la masuku, ndipo mnyamata wa jekete lobwereka wamuthandiza kutola. Tsiku lina anawerenga za kanyumba ka ku Ndirande komwe denga linkadontha pabedi penipeni. Lina za tsiku lomwe Ndaziona anabadwa. Lina za mwana wawo wachiwiri, yemwe anakhala ndi moyo masiku asanu ndi limodzi, ndipo m'mawa umenewo a Nachisale sanalankhulenso ndi munthu mpaka masana.

Vuto linali pa chakudya. Zaka zonse makumi awiri ndi ziwiri a Nachisale sanadyepo chakudya chamadzulo amuna awo ali pa kanema. Ankaonera nkhani mpaka atsanzike, kenako n'kutenthetsa ndiwo, kudikira kuti afike adyere limodzi. Tsopano ankachitanso chimodzimodzi. Koma mawu a patebulo sankatsanzika. Theka la ola likatha sankaleka, ankangotalikira pang'onopang'ono ngati munthu amene akuyenda akulankhula, ndipo a Nachisale ankakhalabe pa sofa kutchera khutu mpaka tulo titawaba. M'mawa ankamwa tiyi yekha. Masana ankati alibe njala, adya madzulo ndi bambo. Pofika sabata yachitatu chitenje chinkawazungulira kawiri, ndipo ankagwira khoma popita kubafa. Ndaziona, amene anadyetsapo odwala ambiri okana chakudya, analephera kudyetsa mayi ake supuni zitatu za phala.

"Akatsanzika ndidya," ankatero. "Ukufuna ndizitafuna bambo ako akulankhula? Unaleredwa kuti iwe?"

Abusa anabwera ndi akulu ampingo awiri, ndipo anapemphera nthawi ya 8 koloko yomweyo. Mawu aja anadikira mwaulemu mpaka ameni, kenako anapitiriza.

Chimene chinamuopsa kwambiri Ndaziona chinali chakuti nkhanizo zinkayenda motsatana, kuchokera kale kubwera kuno. Lolemba anawerenga za kusamukira ku Namadzi. Lachiwiri za tomato woyamba. Lachitatu za chifuwa chomwe chinayamba ngati chimfine. Lachisanu m'mawa a Nachisale anati dzulo bambo anawerenga za maliro awo omwe, anatchula onse amene ananyamula bokosi, ndipo anadandaula pang'ono kuti kwaya inathamangitsa nyimbo yachiwiri.

"Nanga lero awerenga za chiyani, amayi?" anafunsa Ndaziona.

"Zatsala ndi za ine basi," anayankha, akusalaza chitenje pamaondo. Kenako anamupempha kuti asite bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi n'kuipachika pafupi. Imeneyo ndi yomwe amayi a mpingo wathu amavekedwa akamaikidwa m'manda.

Ndaziona anagwada pafupi ndi sofa n'kufunsa chomwe bambo ake akufuna kuti aleke kuwerenga. A Nachisale anayang'ana kuwindo komwe nkhungu inkakhudza galasi. Kenako, ngati akulankhula kutulo, anati bambo akamawerenga amaponya maso kawirikawiri kumanzere, cha pansi. Akufunafuna dzanja la Amidu. Atangotero anatseka pakamwa ngati munthu amene waulula zomwe sanafune kuulula, ndipo anakana kuonjezera.

Dzinalo Ndaziona ankalidziwa. Che Amidu Sumani anali mnzawo wa bambo ake wa kuntchito, amene ankabwera kunyumba Lamlungu lililonse iye ali mwana, atanyamula nzimbe. Chipumireni bambo ake pantchito dzina limenelo silinatchulidwenso m'nyumba, ndipo pa maliro sanawaone. Anapempha mayi anga kuti akhale ndi a Nachisale, iye n'kukwera minibasi ya ku Limbe, komwe Che Sumani ankakhala.

Anawapeza masana akuchokera kumzikiti, pa kakhonde kena pafupi ndi msika pomwe ankajambula anthu zithunzi za paziphaso. Anali atakalamba, ndevu zonse zitayera. Anamuzindikira asanadzitchule, chifukwa cha chipumi cha bambo ake, ndipo anakhala naye pa benchi la makasitomala. Ndaziona anafotokoza zonse akuyembekeza kuti amuseka. Sanaseke. Anangofunsa ngati mawuwo amatha kapena amangotalikira.

Kenako anamufotokozera za ntchito yawo. Wowerenga nkhani, anati, saona wotchi. Amangoona kamera ndi kuwala kwa magetsi. Pambali pa kamera, cha kumanzere, pamagwada munthu amene amalankhula naye ndi dzanja. Zala zisanu zikamapindika chimodzichimodzi, ndiye kuti yambani. Chala chikazungulira m'mwamba, nthawi yatsala pang'ono. Nkhonya ikatsekeka, tsanzikani. Achinyamata anayamba kuvala tizipangizo ta m'khutu tomvera malangizo, koma a Mkwate anatikana, ankati iwo ali ndi dzanja la Amidu. Zaka zonsezo sanayambepo kapena kumaliza popanda dzanja limenelo. Tsiku lina Che Sumani atathamangira panja chifukwa cha m'mimba, a Mkwate anawerenga zanyengo kawiri n'kuyambiranso mitu ya nkhani, mpaka iwo atabwerera.

"Tsiku lawo lomaliza anali atalemba mawu otsanzikira dziko lonse," anatero Che Sumani. "Anandionetsa m'mawa, kapepala kakang'ono, kali m'thumba la jekete. Nthawi itakwana ndinati ndikweze dzanja. Mwana wanga, dzanja linakana. Ndinkaona kuti ndikangotseka nkhonya iyi basi zatha, mawa pampando paja pakhala wina. Ndinkalira kuseri kwa kamera ngati khanda. Iwo ankandiyang'ana, n'kumawerenga, kundiyang'ananso, n'kumawerenga. A m'chipinda cha makina anadikira, kenako anangodula n'kuikapo malonda a sopo. Anthu anangoona a Mkwate akusowa pakati pa mawu."

A Mkwate anavula maikolofoni n'kudutsa pafupi nawo osalankhula. Anaganiza kuti mnzawo wachita dala, mogwirizana ndi ena omwe ankafuna kuti achoke msanga. Che Sumani anachita manyazi kufotokoza kuti munthu wamkulu analephera ntchito chifukwa cha misozi. Chaka chinatha, china chinathanso. Za maliro anamva pa wailesi. Anavala, anafika mpaka pa depoti, n'kubwerera.

Atamaliza kufotokoza anaika kamera yawo m'chikwama, ndipo awiriwo anakwera minibasi imodzi. Anafika ku Namadzi kukuyamba kuda. A Nachisale atawaona pakhomo sanadabwe. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mwakalamba, Che Sumani. Ndevu ngati tonde."

"Inunso alamu simunabwerere kumbuyo," anayankha, akuvula nsapato. "Koma kale munkayamba mwandipatsa tiyi musananditukwane."

A Nachisale anatsala pang'ono kuseka, kenako nkhope inauma. Anati akudziwa chomwe abwerera, ndipo iwo sanawaitane. Anati dziko lonse linapatsidwa a Mkwate zaka makumi awiri ndi ziwiri, iwo n'kumangolandira zotsala, munthu wotopa wongofuna kugona. Tsopano kwa nthawi yoyamba akuwerengera iwo okha, nkhani za iwo okha, ndiye wina achoke ku Limbe kudzawatseka pakamwa.

"Munakana kukweza dzanja pomwe iwo ankalifuna. Lero mukufuna kulikweza pomwe ine sindikulifuna."

Che Sumani anaweramitsa mutu n'kunena kuti nyumba ndi yawo, ndipo sakweza kanthu popanda chilolezo chawo. Anangopempha kuti agwade pamalo pawo. Ndaziona anasendera pafupi. Anakhala pansi n'kutsamira miyendo ya mayi ake, yomwe inali yozizira ngati mwala wa kumtsinje. Anangoti, "Amayi, bambo ndawaika mwezi watha. Musandipatsenso ntchito ina." Dzanja la mayi ake linatera pamutu pake.

Mayi anga anali pakona, ndipo kuyambira apa zonena zawo ndi za Ndaziona zimagwirizana. Che Sumani anayeza ndi maso mtunda wochokera patebulo, anasuntha kampando kena, n'kugwada bondo limodzi moyang'ana mpando wa a Mkwate, cha kumanzere kwake. Nkhungu inali italowa m'nyumba kudzera pansi pa chitseko, ndipo babu la pabalaza linali ndi mkombero ngati mwezi.

8 koloko itakwana sipanamveke kanthu. Inapitirira ndi mphindi imodzi, kenako ziwiri. Zimenezi zinali zisanachitikepo. Che Sumani ananena chapansipansi kuti akuwadikira iwo.

"Nanga mwangoti duu bwanji?" anatero a Nachisale. "Ayambitseni."

Che Sumani anatambasula zala zisanu n'kuyamba kuzipinda. Chala chomaliza chitapindika mawu anayamba, ali pafupi kuposa masiku onse.

A Nachisale ankamvetsera atatseka maso, milomo ikuyenda pang'ono. Ankanong'ona zomwe akumva, mwina osadziwa kuti akutero. Za mwana wina amene wakwera minibasi m'mawa osadya kanthu. Za mlendo wochokera ku Limbe amene wafika mochedwa ndi zaka zinayi, koma wafika. Pamenepo mapewa a Che Sumani anayamba kugwedezeka, koma sanachotse maso pampando.

Mphindi zinkapita. Mayi anga amati wotchi ya pakhoma ankaiona ngati ili pansi pa madzi. Theka la ola litatsala pang'ono kutha, mawu anapuma monga amachitira wowerenga akamatembenuza tsamba. A Nachisale anatsegula maso. Ananong'ona dzina lawo lomwe la pa ubatizo, "Mayi Elube Mkwate a ku Namadzi," ndipo mpweya wawo unayamba kutalikirana. Ndaziona, amene amakadziwa kapumidwe kameneko kuchipatala, anawagwira pamkono n'kupeza mtsempha ukugunda patalipatali.

Che Sumani anatembenuka kuwayang'ana. Dzanja lawo linali pabondo. "Alamu," anatero.

A Nachisale anayang'ana kumpando. Anayang'ana mwana wawo. Kenako anati ndi mawu aang'ono, "Awerenga milungu itatu osapuma. Atopa. Kwezani."

Dzanja silinakwere. Che Sumani analimbana nalo, misozi ikutsikira m'ndevu, koma linangofika pachifuwa n'kubwerera. Mawu aja ankapitirira, ndipo tsopano ngakhale mayi anga anayamba kugwira liwu limodzilimodzi. Pamenepo a Nachisale, amene m'mawa anachita kugwiridwa popita panja, anatsetsereka pa sofa, anayenda chokwawa mpaka pomwe panali Che Sumani, n'kugwira chigongono chawo ndi manja awiri.

"Munthu wamkulu ngati inu," anatero. "Kwezani, ndakugwirani."

Dzanja linakwera. Chala chinazungulira kamodzi m'mwamba. Mawu anaima, ndipo kunakhala chete moti mayi anga anamva madontho akugwa kuchokera kumalata. Kenako zala zinapindika, nkhonya inatsekeka.

Panamveka kapepala kakang'ono kakufunyululidwa. Zomwe zinatsatira anazimva onse anayi, momveka ngati munthu ali nawo patebulo. Sizinali zambiri. A Mkwate anathokoza onse amene anawalola kulowa m'nyumba zawo madzulo aliwonse osagogoda. Anapepesa chifukwa cha nkhani zoipa zomwe ankabweretsa, nati sankazipanga ndi iwo. Anathokoza dzanja lomwe anthu sanalionepo. Pomaliza anati, "Kwa amene akundidikira kunyumba, musadikirenso, yambani kudya. Ine ndine Fanuel Mkwate. Tsalani bwino."

Mpando unasunthira kumbuyo pang'ono, ndipo babu linawala bwino. A Nachisale anakhalabe pansi, atagwirabe chigongono cha Che Sumani, akutchera khutu. Anadikira nthawi yaitali. Panalibe chomveka, ngakhale patali. Ndiye analira, kulira komwe sanalire pa maliro, ndipo palibe anawaletsa.

Atatha anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje n'kufunsa ngati m'nyumba muno muli munthu amene angapatse mlendo tiyi, kapena onse ndi alendo. Ndaziona anathamangira kukhitchini. Anabweretsa tiyi, mbatata yophika, ndi phala m'kambale. A Nachisale anadya supuni zisanu ndi imodzi, pang'onopang'ono, akudandaula kuti mchere wachepa.

M'mawa mwake Che Sumani anapempha chilolezo kwa eni manda, ndipo bambo anga anawaperekeza kukaona pomwe wagona mnzawo. Ndaziona anatsala pakhonde ndi mayi ake, onse atafunda bulangete limodzi. Anazengereza nthawi ndithu, kenako anafunsa chomwe bambo ake anayamba kuwerenga chokhudza iwo.

"Anangofika pa dzina," anayankha a Nachisale.

"Simunkafuna kumva zotsatira zake?"

"Ndinkafuna." Anayang'ana azimayi omwe ankadutsa ndi ndowa kupita kumjigo. "Tsopano ndidzazimva zikadzachitika, ngati wina aliyense. Pita ukatereke madzi. Anthu aja abwera ndi njala kumandako."